Mtanda wa Denga Unakoka Ngolo

Chaka chimene asilikali anatilamula kusamukira kumudzi wa mpanda wa waya, umene ankautcha aludeyamentu, ng'ombe zathu anali atatenga kale. Amuna anga anali ku Halale. Ndinatsala ndi ana, ngolo yopanda ng'ombe, ndi nkhokwe yodzaza chimanga. Lamulo linali loti aliyense anyamule zimene mutu wake ungathe, zotsalazo aziyatsa moto pamodzi ndi nyumba. Ine ndinati toto. Chimanga chimene ndinalima ndekha, mwana ali kumsana, chipse ndikuona? Nanga ana akadya chiyani kumpandako, waya?

Ndinapita ku Domwe kwa alamu anga, ang'ono awo a amuna anga, amene ankayendetsa karinya ya mwini sitolo imene tinkaitcha kantina, kagalimoto kapululu kumbuyo konyamula kachewere. Pakati pa bodi, poika katundu paja, pamwamba penipeni pa matayala a m'mbuyo, panali chitsulo chokolekapo ngolo. Alamuwo anabwera nayo kwathu monyinyirika, nayeza mtengo wokokera ngolo yathu ndi mkono, n'kupukusa mutu.

"Alamu, sizitheka izi. Mtengowu anaudulira ng'ombe, ngwaufupi. Tikafika pokhota pa mtsinje paja, ngodya ya ngolo igunda bodi, ngolo igubuduka, chimanga m'madzi, ine ntchito yatha. Pafunika mtengo wautali, wowongoka, wouma. Muupeza kuti lero lomwe?"

Kwathu kumtunda kuja mitengo njosowa, aliyense amadziwa. Ndinaloza mtanda wa bulugamu umene unagwira denga la nyumba yanga.

"Mwapenga kodi? Akulu anga akamva ati chiyani?"

"Akamve kuti mkazi wawo anagwetsa nyumba, osati kuti anakwirira ana."

Alamuwo anakana kukwera, ati sangaphwasule nyumba ya mbale wawo. Chabwino. Ndinamanga chitenje zolimba, nkhwangwa m'manja, n'kukwera ndekha. Azimayi anzanga anasiya kumanga mitolo yawo. "Mayo ine! Mkazi padenga, malodza!" Ndinawayankha ndili pomwepo kuti malodza ndi awo akubwera ndi machesiwo. Ndinadula luzi lonse, phaso n'kulekana, denga lonse n'kugwera m'kati, phu! Mtima unandiwawa zedi, sindinama, koma manja sanaleke.

Tinaboola mtandawo ndi chitsulo chamoto, n'kuumanga kungolo. Alamu anachotsa chitseko cha kumbuyo kwa bodi kuti mtengo usamakhule, ndipo anayesa kukhota pabwalo kangapo ngolo ilibe kanthu, akung'ung'udza. Kenako tinapakira chimanga mpaka matayala a ngolo anaphwatalala.

Pokhota pa mtsinje ndinatsika, n'kumayenda m'mbali, maso pangodya ya ngolo. Inkasendera, inkasendera, ine ndikukuwa, "Pang'onopang'ono, alamu!" Mpata unatsala wongolowa chikhatho. Mtanda unalira koma sunathyoke, ngolo n'kuwongoka.

Titakwera chitunda, mwana wanga wamkazi, amene anakhala pamwamba pa chimanga, anacheuka n'kuona utsi kumudzi.

"Amayi, atiotchera nyumba!"

"Khala chete iwe, gwira zolimba," ndinatero, misozi ili mbwembwembwe. "Aotcha udzu amenewo. Nyumba ndagwetsa ndekha."