Chisipanishi cha a Mukhwapa ndi denga lodontha

Ndikakumbukira a Mukhwapa, ndimamva fungo la fodya wawo wa chingambwe litasakanikirana ndi la tiyi wowuma lomwe mphepo inkabweretsa kuchokera kufakitale. Ankakhala khomo loyandikana ndi lathu kwa Nchilamwela, nthawi ya Chitaganya. Ali mnyamata anasonkhezerapo malasha m'sitima ya pamadzi ya Asipanishi ku Beira, ndipo anabwerako ndi chipewa chimodzi komanso chilankhulo.

Akazi awo, amake Joni, akakhala kuesiteti kothyola tiyi dengu lili kumsana, iwo ankatisonkhanitsa anafe pansi pa mtengo wa mapeyala.

"Ife 'dza' wathu wonena za mawa timamuika pakati," ankatero, "koma Asipanishi amamuika kumchira. Ungotenga mawu athunthu, trabajar, kugwira ntchito, n'kulumikizako mchira. Tiyeni!"

Tinkakuwa mpaka nkhuku kubalalika: trabajaré, ndidzagwira, trabajarás, udzagwira, trabajará, adzagwira, trabajaremos, tidzagwira, trabajaréis, mudzagwira, trabajarán, adzagwira onsewo.

Vuto linali lakuti ntchito ya a Mukhwapa inkathera pa "dza" pomwepo. Denga lawo linali litawola, udzu wofolera uli chiwunjikire kuseri, koma amake Joni akadandaula, bambowo ankangokweza chala n'kunena kuti, "Trabajaré."

Mvula yoyamba itanyowetsa ufa ndi mphasa, mayiwo anandiitana.

"Iwe Esinati, kudya amati chiyani m'chizungu cha aphunzitsi akowa?"

"Comer."

"Michira yake ndi yomweija?"

"Yomweyo."

"Ndiphunzitse."

Lamulungu anaphika kalongonda, nyemba zija zofuna moto wa tsiku lonse, zomwe a Mukhwapa ankazikonda koposa. Ife ana tinakhala pamphasa, bambowo n'kusamba m'manja mwaulemu wonse. Amake Joni anadziloza pachifuwa: "Comeré." Analoza anafe: "Comerán." Atatero anayamba kugawa, mbale ya amuna awo n'kuidumpha.

"Nanga ine, amake Joni?"

"Comerás."

"Eya, ndipatseni."

"Mwaiwala kodi, aphunzitsi? Mchira umenewo ndi wa mawa."

Joni anatsamwa ndi phwete. A Mukhwapa anayang'ana mbale, anayang'ana denga, kenaka anavala chipewa chawo cha m'sitima n'kupita kukabwereka makwerero kwa bambo anga. Madzulo onse tinkawamva pamwamba akung'ung'udza, osati za njala, koma zakuti mkazi wawo wawatchula kuti "iwe" pamaso pa ana, m'chilankhulo choti anachita kuchivutikira panyanja. Atatsika anapeza kalongonda wawo atavundikiridwa bwinobwino pambali pa moto.

Chisipanishi cha lero kapena cha dzulo sanatiphunzitse, ndipo ndikukayika ngati ankachidziwa. Ine ndinatsala ndi cha mawa chokha. Nditakula ndinagonekedwa m'chipatala cha mishoni, ndipo ndinamva kuti sisitere wotisamalira ngwa ku Sipeni. Ndinafuna kumupatsa moni wakwawo, koma pakamwa panangotuluka "Comeremos," tidzadya. Anaseka mpaka kugwira chitsulo cha bedi, n'kutuluka. Anabwera ndi buledi, tinadya.