Bulangeti la Mizimu ya ku Michesi

Wailesi yanena m'mawa uno kuti sabata yonse kuzizira, mvula kulibe, koma mphepo youma yochokera m'mapiri. Ine ndangotsonya. Zidendene zanga zinadziwa kale nkhaniyo, zang'ambika ngati dambo la m'chilimwe.

Mphepo yomweyi inandipusitsa ndili mwana kwathu kufupi ndi Migowi. Ine ndi achimwene anga tinkafunda bulangeti limodzi, lomwe bambo anabwera nalo kuchokera ku esiteti ya tiyi. Linali lopsa pang'ono pakona. Tsiku lina, thupi lili mbuu ngati ndagona paphulusa, ndinafunsa amalume komwe mphepoyi imachokera.

"Ndi mizimu ya m'phiri la Michesi imeneyo, mphwanga," anatero akusenda chinangwa. "Ilibe chofunda, ndiye ikuuzira m'manja kuti imve kutentha. Wina ataipatsa chofunda, ikhoza kusiya."

Ndinadikira anthu apite kudimba. Ndinapinda bulangeti lija n'kukalisiya pamwala m'tsinde mwa phiri. Ndinaomba m'manja monga amachitira akuluakulu, kenako ndinabwerera osacheuka, poti kwa mizimu sacheuka.

Mphepo sinasiye, inachita kuwonjeza. Amayi anandikwapula ndi kamtengo ka nandolo, akuti, "Mizimu inakuuza kuti ilibe makolo oigulira?" Achimwene anathamangira kumwala kuja, anapeza palibe kanthu. Mwezi wonse tinafunda chiguduli chonunkha chimanga chofumbwa, iwo akundigunda ndi chigongono nthawi zonse akakumbukira.

Zimandiwawabe mpaka lero, chifukwa ndinachita kumera ndevu ndisanadzifunse kuti bulangeti lomwe amalume "anagula ku Limbe" chaka chomwecho linapsa bwanji pakona pomwe panapsa lathu.