Mudzi umene ndinatchula kuchipatala

Malemu amuna anga anandichenjeza kuti munthu wonyamula kope ndi cholembera ndisamamuuze kumene ndimagona. Anali ndi chifukwa. Mng'ono wawo analembedwa dzina pamsika atapezeka wopanda khadi la chipani, ndipo anatha miyezi ali kumene sitinkakudziwa. Zipani zambiri zitabwera anthu anati zonsezo zatha, koma ine ndinaona kuti makope ndi omwe aja, angosintha owanyamula.

Ndimalera adzukulu awiri, ana a mwana wanga wamkazi amene anatisiya. Nthawi imeneyo Elube anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Lusiya anali atangoyamba kuyenda, ndipo chiyambire zokolola ankakhala kwa mlamu wanga Nachisale, kumapeto kwa mudzi. Onse awiri anali osabayitsa katemera, chifukwa kusikelo amalemba mayina.

Inali nyengo ya mwera, chimanga chili m'nkhokwe. Lolemba Elube anachokera kusukulu thupi likutentha, akutsokomola, mamina ali chuchuchu. Ndinayesa chimfine. Lachitatu maso anafiira, m'mawa akumatana ndi manthongo. Lachisanu tizidzolo tinatuluka kuseri kwa makutu n'kufalikira kumaso ndi pachifuwa. Apo ndinadziwa kuti ndi chikuku, ndipo ndinachita mmene tinaleredwera: kumutsekera m'nyumba, osamusambitsa, osauza munthu. Kwathu kuno timati jekeseni amabweza chikuku m'kati. Ofunsa ndinkawauza kuti mwana wapita kwa atate ake aang'ono.

Lamulungu anasiya kumwa phala. Akamapuma nthiti zinkalowa m'kati. Lolemba m'mawa ndinamubereka, n'kudzera njira ya kudambo kuti anthu asandione, mpaka kumsewu kumene ndinapeza matola opita ku Ntchisi boma.

Kuchipatala tinadikira pabenchi mpaka dzuwa pamutu. Anesi atavundukula nsalu sanandikalipire, anangofunsa kuti ndi masiku angati. Ndinati atatu. Anandiyang'ana n'kulemba asanu ndi awiri. Adokotala anati chikuku chabala chibayo. Anatiika m'kachipinda kapadera pamodzi ndi ana ena anayi a nthenda yomweyo. Elube anamuika dripi, kumubaya jekeseni m'mawa ndi madzulo, ndi kumufinyira timankhwala tamafuta m'kamwa toti titeteze maso. Anandiuzanso kuti ndimusambitse. Ndinakana tsiku loyamba, lachiwiri anamusambitsa okha ine ndikuonerera.

Madzulo a tsiku loyamba lija kunabwera bambo wa zaumoyo ndi kope. Anafunsa dzina la mwana, mudzi, mfumu, ndi ngati kunyumba kuli ana ena. Ndinatchula mudzi umene ndinabadwira, kufupi ndi Bowe, m'boma la Dowa. Za ana ena ndinati kulibe. Analemba, anathokoza, napita.

Masiku a kuchipatala ndi ofanana. Kukolopa m'mamawa, kuyeza kutentha kwa thupi, adokotala kudutsa, ife osamalira odwala kukaphika kukhitchini yathu. Mphika wanga sindinkausiya pamoto ndi munthu. Tsiku lachinayi kutentha kunatsika. Lachisanu Elube anapempha mbatata. Mwana wa pabedi loyandikana nafe, amene anabwera naye mochedwa kuposa ife, sanatuluke wamoyo.

Patatha sabata bambo uja anabweranso, kope lili m'khwapa. Anakhala pansi penipeni pafupi ndi mphasa yanga.

"Agogo, anzathu a ku Dowa apalasa njinga masiku awiri. Anyakwawa a kumeneko akuti dzina lanu anamaliza kulimva tsiku la ukwati wanu."

"Nanga mudzi wanga mukufuna mukatani nawo?"

Anandipempha kuti ndimutsatire ku ofesi. Pakhoma panali mapu a boma lonse, obayidwa timapini tofiira. Anandifotokozera kuti kapini kalikonse ndi mwana wodwala, kuti sabata iliyonse amatumiza chiwerengero kulikulu, ndipo katemera, poti ndi wochepa, amayamba kupita kumene timapini tayamba kuunjikana. Kapini ka Elube anali atakachotsa n'kukatumiza kwa anzawo a ku Dowa. Mbali ya kwathu inali yoyera.

"Inuyo sitikukufunani, agogo. Tikufuna kumene nthendayi ikulowera. Kunyumba mwasiyako mwana?"

Apo ndinatchula mudzi weniweni, mfumu yake, ndi dzina la Lusiya.

Galimoto ya katemera inafika kwathu patapita masiku awiri. Azaumoyo anapeza ana angapo atagona kale, ambiri a kalasi ya Elube, aliyense wotsekeredwa m'nyumba mwakachetechete ngati mmene ndinachitira ine. Lusiya anamupeza ali bwino ndipo anamubaya. Sanadwale. Koma mwana wa Nambewe, woyandikana nane nyumba, nthenda inali itamufika m'maso, ndipo diso lamanzere silionanso. Bambo wa zaumoyo sanandinenere kuti sabata imene ndinataya ndi imene inatenga disolo. Nambewe ananena, pachitsime, anthu akumva. Inenso masikuwo ndinali nditawawerenga kale ndekha.

Elube anatuluka atagona masabata awiri. Anatsokomola mwezi wina wathunthu, tsitsi linathothoka n'kumeranso. Pano ali Sitandade 3, amadya ngati wobwereka m'mimba. Makadi a kusikelo a ana onse awiri ali m'chitini pansi pa bedi langa, mayina ndi mudzi zolembedwa zoona.

Sindikunena kuti muzikhulupirira aliyense; ine sindinayambe. Koma mwana akatentha thupi, maso kufiira, chifuwa, musadikire zidzolo. Pitani naye tsiku lomwelo, ndipo akafunsa mudzi tchulani umene mwagona usiku wapitawo.

Ineyo miyendo yayamba kutupa, kumsewu sindingafikenso ndi mwana kumsana. Chichitikire zija, pakhomo panga sipafika anthu kupatula Nachisale. Inu a mumpingo ndi inu azaumoyo, mukamadutsa kuseri kwa phiri kuno, mudzapatukeko mudzaone ngati utsi ukufuka. Ndidzayamba ndakusuzumirani pazenera, musadzakhumudwe. Mudzangodikira pang'ono, ndidzatsegula.