Wakuba Moto wa Atate

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Giredi 5, pamene atate anaika soketi yotchajira foni pa njinga yawo yamoto. Kwathu ku Kakumbi kunyumba kunalibe magetsi. Atate ankagula tomato ndi repu kwa alimi n'kumakapereka ku makampu a alendo m'mbali mwa Luangwa, ndiye foni ikazima, malonda ankawadutsa.

Soketiyo anaigula ku Chipata, ndipo anaiika okha Loweruka lina pansi pa mtengo wa mango. Atate sankakhulupirira makaniko aliyense, ankati onse amachotsa chabwino n'kukuikira chakutha. Anatsegula pambali pa njinga, n'kumangirira mawaya awiri, wofiira ndi wakuda, pa batire penipeni, kenako n'kukulunga ndi mphira wa chubu. Kasoketiko anakamanga pa hendulo. Kanali ndi kagetsi ka buluu, ndipo katayaka ndinavina ngati takokera magetsi m'nyumba.

A Mulenga, aphunzitsi anga ochokera ku Kasama, ankakhala nyumba yoyandikana ndi yathu. Anabwera kudzaona, n'kuwerama nthawi yaitali.

"Ba neba, nanga kagetsi aka kamazima nthawi yanji?"

Atate anayankha mwachidule. Aphunzitsiwo atachoka, anauza amayi kuti munthu wofunsa mafunso ambiri pa katundu wa mnzake amakhala ali ndi maganizo.

Pasanathe masabata awiri, batire linayamba kufa. Kiki yolizira njingayo ndi phazi inali itathyoka kalekale, choncho m'mawa ine ndi amayi tinkaikankha mumchenga, madengu a tomato ali pambuyo, mpaka ilire. Kusukulu ndinkafika mochedwa, thukuta lili kamukamu, ndipo a Mulenga ankandipatsa tsache kuti ndisese bwalo lonse anzanga akuphunzira. Ndinkawada kwambiri masiku amenewo.

Atate anatsimikiza kuti pali wina amene akuba moto wa batire. Anayamba ndi foni ya amayi, kuiyang'ana ngati yadzaza mosadziwika bwino. Kenako anayamba kukayikira aliyense wodutsa pabwalo, ngakhale wongopereka moni. Tsiku lina anawaza phulusa kuzungulira njinga kuti aone mapazi a wakubayo. M'mawa mwake paphulusapo panali mapazi a nkhuku ndi patapata wanga, poti ndinadutsapo pokataya madzi.

Anandiitana lamba ali m'manja.

"Iwe, ukutchajira ndani? Anzako akutuma?"

Ndinakumbukira kuti dzulo lake masana ndinaona a Mulenga ataweramira pa hendulo, ndipo ndinanena zimenezo. Mpaka pamenepo ndinali ndisananame.

"Anali ndi foni?" atate anafunsa.

Ndinayang'ana lamba, ndinakumbukiranso tsache lija.

"Ee, ndi waya womwe."

Atate sanadikire. Anawapeza a Mulenga pa mjigo, pamene panali amayi ambiri ndi ana asukulu, n'kuwatchula wakuba anthu onse akumva. Aphunzitsiwo anaika chigubu pansi.

"Ba neba, ine nimaona chabe kagetsi kaja. Sikazima, kangakuthereni batire."

"Mwana wanga sanama!" atate anakuwa.

A Mulenga anandiyang'ana kamodzi, n'kunyamula chigubu chawo chosadzaza. Lolemba anyamata a m'kalasi anali atawapatsa kale dzina loti aTchaja. Ankalinong'ona iwo akatembenukira ku bolodi, ena n'kulilemba pakhoma la chimbudzi. Makolo ena anayamba kunena kuti anthu obwera sadziwika bwino. Ine sanandipatsenso tsache ngakhale ndichedwe bwanji. Ankangochonga kope langa n'kundibwezera osandiyang'ana, ndipo zimenezo zinkandiwawa kuposa kusesa. Temu itatha anapempha kuti awasamutse, ndipo tinangoona katundu wawo akukwezedwa pa kalole.

Koma batire linapitiriza kufa. Atate anayamba kugoneka njinga m'nyumba, linafabe. Anati mphunzitsi uja analiwonongeratu, n'kugula latsopano. Nalonso linafa. Pamapeto pake anagonja, n'kupita nayo kwa makaniko wina ku Mfuwe. Munthuyo sanachedwe nayo n'komwe. Anawaonetsa kuti soketi yolumikizidwa pa batire penipeni imamwa moto usana ndi usiku, ngakhale pasakhale foni. Anadutsitsa waya wofiira pa kiyi kuti njinga ikazima soketi izizimanso, n'kuikapo fyuzi. Vuto linathera pomwepo.

Atate anabwerera kunyumba. Anakhala pakhonde, n'kundiitana.

"Waya uja unamuonadi?"

Ndinapukusa mutu, misozi ikutsika. Ndinkayembekezera lamba, ndipo ndikanakonda atandikwapula kuti nkhani ithe. Iwo anangoyang'ana nyumba ya a Mulenga, imene munali mutalowa kale anthu ena.

"Ndiye tikapepesa kuti, mwanawe?"

Palibe amene ankadziwa bwino sukulu imene a Mulenga anapitako. Ena ankati ku Petauke, ena ankati anabwerera kwawo.

Tsopano ndine wamkulu, ndili ndi ana anga, ndipo ndimamvetsa zimene zinachitika. Atate anali atagamula kale mumtima kuti pali wakuba, chinkasowa ndi nkhope yokha. Ine ndinawapatsa nkhope ya munthu amene anali kutali ndi kwawo, wopanda m'bale woti amuikire kumbuyo, ndipo ndinamusankha chifukwa ndinkadziwa kuti atate andikhulupirira. Sindinapeke nkhani yaitali, ndinangowonjezera mawu anayi pa zimene ndinaonadi. Ngati a Mulenga ali moyo, mwina mpaka lero amaganiza kuti ku Kakumbi amawakumbukira ngati wakuba, ndipo ndilibe njira yowauzira kuti amene analakwa ndine.