Mchenga, Mankhusu ndi Utuchi wa Alamu

Timitengo 180 ta rozimere, chitsamba chonunkhira chija amathira mu nyama, m'mabeseni atatu obowoka pansi, lililonse timitengo 60. Ndi mmene Amake Mapasa anayambira pakhonde lakuseri, atasiya ntchito yochapa m'nyumba za eni. Beseni loyamba anathiramo mchenga, lachiwiri mankhusu a mpunga owotcha, lachitatu utuchi umene alamu awo, kalipentala, anachita kuwabweretsera okha.

"Utuchi wangawu umasunga madzi ngati siponji, alamu," ankatero akamadutsa. "Mchenga asiyireni omanga nyumba."

Zinkaonekadi choncho. Ta mu utuchi tinali tobiriwira mochititsa kaso. Ta mumchenga tinali totuwa, tina titazolika.

Mayi ena ogulitsa maluwa kumsewu waukulu anali atanena poyera: akapeza mbande zamizu, azigula kwa Amake Mapasa mwezi ndi mwezi, akapanda kupeza, apita kwina. Tsiku lake anafika, galimoto osazimitsa, n'kuloza beseni la utuchi.

"Mbande ndi izi. Pakirani."

Kalipentala anali pakhomo, pensulo kukhutu, akumwetulira. Amake Mapasa anagwada. Anali asanazulepo n'kamodzi komwe, kuopa kudula mizu. Koma atasuntha beseni, fungo lake silinali la rozimere. Linali la chisanza chonyowa.

"Pepani mayi, ndione kaye kamodzi."

"Ndachedwatu ine."

Amake Mapasa anakoka kamtengo. Kanangobwera osakana, kunsi kuli bii, khungwa likusendekera m'zala. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatunso. Kalipentala anachotsa pensulo kukhutu n'kumaiyang'anitsitsa.

"Ndiye mwandiitanira zowola?" anafunsa mayi aja, makiyi akulira m'manja.

Amake Mapasa anakwawira ku beseni la mchenga, nagwira kamtengo kotuwa, nakoka pang'ono. Kanakana. Anakumba ndi supuni: timizu toyera, tothithikana ngati ndevu. Kena, kenanso, tonse tili choncho. M'mankhusu timizu tinali ta apo ndi apo.

Mayi aja anawerama, natikita tsamba, nanunkhiza.

"Nkhope ndiye zilibe, koma zili moyo. Nditenga zamumchengazi. Mwezi wamawa ndikufuna zochuluka, ndipo beseni la utuchilo ndisadzalionenso."

Galimoto itapita, kalipentala anakhosomola.

"Mwina utuchiwo unali wa mtengo wolakwika, alamu."

"Mwina. Koma wilibala yanu ija mundibwereke."

Mawa Amake Mapasa apita kukagula mchenga, adzaze mabeseni onse atatu, limodzi asakanize ndi mankhusu pang'ono, adule timitengo tatsopano.