Anyani ndi Handulo ya Chitseko Changa

Pepala limene anandisiyira bambo wofufuza za nyama uja ndikadali nalo, mu envulopu imodzi ndi makalata anga onse odandaula. Pali masamu ndi mzere wotsetsereka ngati msewu wochokera kuphiri.

Bamboyo ankachita lendi kumtunda kwa nyumba yathu ku Sadzi. Anaika bokosi m'mphepete mwa nkhalango. Nyani akatsitsa chogwirira, nthochi inkagwa. Poyamba inkagwa nthawi zonse, kenako mwa apo ndi apo. Ankafuna kuona ngati khama la nyama limatsatiradi masamu ake.

Ndinapita kukaliona bokosilo. Chogwiriracho chinali handulo wamba ya chitseko, ya mumsika wa Zomba, yofanana ndendende ndi yanga.

"Achimwene, mukachoka, anyaniwa adzatani?"

"Adzaleka okha, madala," anatero akuseka, akuloza papepala lija. "Onani mzerewu. Koma amene amapata mwa apo ndi apo amachedwa kutaya mtima. Chachikulu asadzapatenso kanthu."

Anachoka mvula isanayambe, bokosi lake analinyamula.

Akazi anga anafa ziwalo mbali imodzi. Kiyi sangathe kupotokola, ndiye ndikamapita kumsika sindikhoma, kuopa moto. Handulo yokha ndi imene dzanja lawo lamanzere limakwanitsa.

Tsiku lina masana ndinawapeza ali pampando. Mkoko wa nthochi umene ndinasiya patebulo kunalibe. Pansi panali mapazi afumbi.

"Analowa nyani wamphongo," anatero. "Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akufuna kundifunsa za malonje."

Ndinalembera bambo uja kalata, ndi ina, ndi inanso. Makope ake ndili nawo. Yankho ndilibe. Koma mawu ake ndikuwakumbukira bwino: asadzapatenso kanthu. Anyaniwo anapata, m'nyumba mwanga momwe. Ndiye kuti mzere uja unabwerera pamwamba.

Tsopano ndimakhoma, ndipo sindichoka. Kutchalitchi ndinaleka, ndiwo amatigulira aneba. Dzuwa likapendeka, nkhungu ikamatsika m'phiri, timamva malata akulira. Kenako zii. Kenako handulo imatsika pang'onopang'ono, n'kubwerera, n'kutsikanso. Sakalipa, sagwedeza chitseko. Amangoyesa.

Dzulo akazi anga anandifunsa kuti mankhwala awo akatha, adzapite kuchipatala ndani. Ndinayang'ana m'botolo, ndinayang'ana kiyi. Handulo inali ikutsikanso.