Pabalaza pa Kumagalasi

Dzina lakuti Gwirapo analipata ali mwana, ndipo silinamuchoke mpaka imvi. Lero ndi bambo wapabanja pake, amadula makiyi ndi kukonza maloko pakhonde lina la pamsewu waukulu, pakati pa wosoka nsapato ndi mayi wogulitsa mayunitsi. Anthu amayesa dzinalo linachokera ku ntchito, poti munthu akabwera ndi loko wovuta iye amamuuza kuti agwire uku pamene akuthira mafuta uko. Gwirapo satsutsa. Kutsutsa kumafuna kufotokoza, ndipo iye ndi munthu woumira mawu.

Chenicheni chake n'chakuti dzinalo linachokera Kumagalasi.

Ana a masiku ano sakudziwa Kumagalasi. Anali masitolo akuluakulu a kampani imodzi, anayi m'tauni yonse, ofanana ngati ana a mimba imodzi: magalasi kuyambira pansi mpaka kudenga, matailosi achikasu, ndi masitepe oyenda okha opita m'mwamba. Dzina lenileni linalipo, lolembedwa ndi zilembo zofiira, koma palibe ankalitchula. M'menemo munali chilichonse, kuyambira singano mpaka firiji, ndi masuti ovekedwa zidole zopanda maso. Munkanunkhira sopo ndi nsapato zatsopano. Banja la Gwirapo linkapitako Loweruka, litasamba ndi kudzola, kukaona zinthu. Kugula sankagula. Bambo ake ankangogogoda firiji ndi chala, kupukusa mutu ngati aipeza ndi vuto, n'kupita pa ina.

Bambowo anali opaka penti m'nyumba za anthu. Yawoyawo inali chipinda chimodzi cha lendi, chogawidwa ndi katani, chokhala ndi mpando umodzi. Mpandowo unali wa bambo. Amayi, Gwirapo ndi mlongo wake wamkulu ankakhala pamphasa, ndipo palibe ankaonapo chachilendo.

Vuto linali amalume, achimwene a amayi, omwe ankakhala kutali. Chikwatiwire mlongo wawo, iwo sanasiye kufunsa ngati wopaka pentiyo anagulako ngakhale tebulo. Funsolo linkafika ndi aliyense wochokera kumeneko. Tsiku lina bambo zinawakwana. Anapangana ndi mnzawo wa kukwaya, yemwe ankagulitsa mipando m'mwamba mwa Kumagalasi, n'kuitana wojambula zithunzi.

M'mwambamo munali ngodya yokonzedwa ngati pabalaza pa munthu wopeza bwino: sofa yobiriwira, kapeti, nyale yaitali, wailesi yaikulu ndi maluwa apulasitiki patebulo. Panali chingwe chotchinga kuti anthu asakhalepo. Mnzawo uja anakana kuchimasula, choncho banja lonse linachilumpha, iye n'kukaima pamasitepe kusuzumira ngati bwana akubwera. Makhadi a mitengo anali atawatembenuza onse, kupatula kamodzi komangidwa ndi ulusi pamkono wa sofa. Kudula ulusiwo kukanamuchotsetsa ntchito.

"Iwe," anatero bambo, akuloza kakhadiko, "gwirapo apo. Usasunthe."

Ndiye pachithunzi chimenecho bambo ndi mayi akhala pasofa, mtsikana wakhala pakapeti, ndipo kamnyamata kaima pambali, dzanja lili pamkono wa sofa, nkhope ili gwa ngati kagwira njoka pakhosi. Zithunzi zinatuluka ziwiri, china n'kutumizidwa kwa amalume. Iwo atachilandira anasiya kufunsa za tebulo. Anayamba kufunsa ngati pabalazapo pangagone mwana wawo wofuna ntchito m'tauni, ndipo bambo anatha moyo wawo wonse akupeka zifukwa. Chithunzi chotsala anachiika mufelemu, ndipo chinayenda nawo m'nyumba iliyonse ya lendi.

Kumagalasi kunatha pang'onopang'ono. Poyamba masitepe anasiya kuyenda, anthu n'kumakwera ndi miyendo yawo. Kenako mashelefu anayamba kuonetsa matabwa. Pomaliza zidole zinavulidwa masuti n'kuimikidwa pakona zili buno bwamuswe, ndipo zitseko zinatsekedwa. Bambo nawo anamwalira. Patapita zaka amayi anabwera kudzakhala kwa Gwirapo, atanyamula zovala zawo, mphasa ndi felemu ija.

Kwa Gwirapo sofa ilipo. Anagula ndi mkazi wake, ndipo anaisiya mupulasitiki momwe inabwerera, kuti izikhala ya alendo. Amayi anapatsidwa kachipinda kakumbuyo, ndipo masana ankayala mphasa yawo pakhomo la kukhitchini. Anakhala choncho nthawi yaitali osadandaula.

Kenako mutu wawo unayamba kusokonekera. M'mawa uliwonse ankamanga kamtolo m'nsalu, n'kubwera kudzatsanzika mwaulemu.

"Zikomo, mwandisunga bwino. Ine ndikupita kwathu."

"Kwanu n'kuno, amayi," ankatero mkazi wa Gwirapo.

"Eya, mwanawe. Mutsale bwino."

Munthu akangocheuka, iwo atuluka pageti. Kangapo anawapeza pasiteji ya basi. Tsiku lina anabwera nawo dalaivala wa lole, thukuta lili kamukamu, akuti anawapeza ataima pakati pa msewu ndipo mabuleki ake ndi Mulungu yekha anawagwira.

Mlongo wake wa Gwirapo, yemwe tsopano ndi namwino ndipo amalankhula ndi aliyense ngati wodwala wokana mankhwala, anabwera tsiku lomwelo.

"Iwe ndiwe wa maloko. Ika loko pachitseko cha amayi."

"Achemwali, amayi si njinga."

"Ukufuna tikawatole ndi fosholo pamsewu? Ndikabweranso ndidzapeze loko ali pachitseko. Apo ayi ndiitana wa maloko wina."

Mawu omalizawo anamupweteka pawiri. Anasankha loko wabwino pabenchi pake, wamkuwa, wosachita dzimbiri, n'kumuika m'thumba la buluku. Ankadziwa kuti mlongo wake sakunama. Koma akaganiza za amayi ake akugwedeza chitseko kuchokera mkati, kamtolo kali m'manja, dzanja linkamulemera. Anaganiza zoyamba wapeza kwawo kumene ankanenako.

Anakwera nawo basi ulendo wautali kupita kumene amayiwo anabadwira. Amayi anapereka moni kwa aliyense, n'kufunsa kuti basi yobwerera inyamuka liti. Anapita nawo ku chipinda cha lendi chija, chomwe tsopano muli wometa tsitsi. Amayi anasuzumira, n'kumuuza Gwirapo kuti akhale pansi amumete, tsitsi lakula.

Amene anaona chinthucho ndi mkazi wake. Pofuna kuchapa nsalu ya kamtolo kaja anapezamo diresi imodzi, chipeso, ndi felemu.

"Abambo, kwawo ndi uku," anauza mwamuna wake, akuloza chithunzicho.

"Imeneyo ndi sitolo."

"Ine ndikudziwa, inu mukudziwa. Kawauzeni eni ake."

Tsoka lake, Gwirapo sankakumbukira kuti inali sitolo iti mwa zinayi zija. Tsiku la chithunzi maso ake anali padzanja pake. Choncho anayamba kutseka benchi yake Loweruka masana, kugwira amayi pamkono, n'kumayenda nawo imodziimodzi, loko ali m'thumba.

Yoyamba inasanduka tchalitchi. Magalasi anawaphimba ndi nsalu zofiirira, ndipo pomwe pankakhala mafiriji panali masipika aakulu kuposa mafirijiwo. Wolandira alendo anafunsa ngati agogowo abwera kudzapemphereredwa. Amayi anamvetsera kwaya ikuyeserera, n'kunena kuti eni nyumba ino ali ndi phokoso.

Yachiwiri anaidula timagawo ndi matabwa, kagawo kalikonse kali ndi mnyamata wogulitsa mafoni. Masitepe oyenda okha anali atasanduka shelefu ya machaja. Gwirapo anaima pomwe kale pankakhala njinga yofiira imene ankaisisita chishalo Loweruka lililonse, ndipo munthu wina anamufunsa ngati akugula kapena akungotchinga njira.

Yachitatu kulibe. Anaigwetsa, pamalopo pamaimikidwa magalimoto. Mlonda anawafunsa nambala ya galimoto yawo, ndipo atamva kuti abwera wapansi kudzaona sitolo, anayang'ana bwalo lonselo, n'kuwauza kuti aone msanga.

Yachinayi ili kufupi ndi depoti, ndipo muli matayala okhaokha. Mwini wake ndi mayi wa mawu aakulu, wovala ovololo. Asanapereke moni anafunsa saizi.

"Sitikufuna tayala," anatero Gwirapo. Kufotokoza kunamukanika, ndiye anangotulutsa felemu.

Mayiyo anapukuta manja, n'kuchiyang'anitsitsa chithunzicho. "Sofa yabwino. Munaigulitsa?"

"Sinali yathu. Inali m'mwambamu."

Mayiyo anayang'ana Gwirapo, n'kuyang'ana nkhalamba ya kamtolo m'manja. "Kwerani. Mukamva ndikukuwa, mupatuke. Timagubuduzira matayala pamasitepe pomwepo."

M'mwamba munali fumbi ndi fungo la labala. Magalasi anawapaka penti mpaka pakati, ndipo matayala anali osanjikizana kufika m'mutu. Koma pansi, m'mene munapita mapazi a anthu, matailosi achikasu ankaonekabe. Amayi anasiya mkono wa Gwirapo. Anadutsa pakati pa milu ija osafunsa njira, mpaka pangodya ya kumanzere. Pamatailosi panali timabowo tiwiri, pomwe pankaima tizitsulo ta chingwe chija. Atafika pakati pa timabowoto anakwinya diresi pang'ono, anakweza mwendo, n'kulumpha chingwe chimene panalibe.

Anakhala pamatayala awiri osanjikizana, cha kumphepete, kusiya malo pambali pawo. Kamtolo anakaika pansi. Chiyambire matendawo, aka kanali koyamba Gwirapo kuwaona atakasiya m'manja.

"Amayi," anatero, "mukudziwa kuti muno munali musitolo?"

"Ukundiyesa chitsiru? Mesa panali chingwe. Mesa mnzawo wa kukwaya uja ankanjenjemera pamasitepe ngati wagwidwa malungo." Anasisita tayala la pambali pawo. "Bambo ako anakhala apa. Anandiuza kuti, 'Khalani apa, pafupi ndi ine.' Ndipo anandifunsa kuti, 'Mwakhala bwino?'"

Amayi anapitiriza.

"Anali asanandifunsepo. Sanadzandifunsenso. Si kuti anali ankhanza ayi. Mpando unali umodzi."

Chisoni chinamugwira Gwirapo, ndipo pambuyo pake panabwera manyazi. Kunyumba kwake kunali sofa yokwana anthu atatu, ili mupulasitiki kudikira alendo. Palibe anawauza amayi kuti azikhala pamphasa kukhitchini. Palibenso anawauza kuti asamakhalepo. Iye ankawalumpha miyendo m'mawa uliwonse popita kuntchito, n'kumadzitama mumtima kuti akusunga kholo lake.

Anakhala pansi pambali pawo, loko akumubaya pantchafu. 

"Mwakhala bwino, amayi?"

Amayi anadzisuntha uku ndi uku. "Ayi," anatero. "Ili ndi tayala."

Pansi mayi uja anakuwa, ndipo tayala lalikulu linatsika masitepe likudumphadumpha.

Atafika kunyumba, Gwirapo anatenga mpeni n'kuyamba kuchotsa pulasitiki pasofa. Mkazi wake anaima pakhomo atagwira m'chiuno. Anayang'ana mwamuna wake, anayang'ana apongozi ake, n'kunena kuti pulasitikiyo asaing'ambe, ili ndi ntchito. Kenako anakatenga maluwa apulasitiki kuchipinda n'kuwaika patebulo.

Amayi sanachire. Matendawo sachira, ndipo masiku ena amalunjikabe kugeti, mpaka wina awabweze. Koma masiku ambiri amamanga kamtolo kawo, amatsanzika mwaulemu kukhitchini, amadutsa mukhonde la m'kati, ndipo akafika pakhomo la pabalaza amakweza mwendo kulumpha chingwe. Gwirapo amakhala atakhala kale pasofa, tiyi ali patebulo. Benchi yake amatsegula mochedwa tsopano, ndipo wosoka nsapato amauza anthu otaya makiyi kuti adikire, bwana ali pa msonkhano. Loko wamkuwa uja anamugulitsa kwa munthu wina woweta nkhuku.

Mlongo wake anabwera m'mawa wina osanena. Anapita kaye kukachipinda kakumbuyo, anapeza chitseko chilibe kanthu, n'kulowa pabalaza mawu ali kale pakamwa. Anapeza amayi ali pasofa, kamtolo kali pansi, Gwirapo ali pambali pawo. Anaima kanthawi chikwama chili m'manja. Kenako, popanda womuuza, namwino uja anavula nsapato n'kukhala pakapeti, patsogolo pa miyendo ya amayi ake.

Amayi anayang'ana mwana wamkaziyo, n'kugwedeza mutu. Anayang'ana bambo wa imvi amene anali pambali pawo, n'kumukonza kolala. Kenako anayang'ana mkono wa sofa, ndipo nkhope yawo inasintha.

"Abambo," amayi anamunong'oneza Gwirapo, "nanga kamnyamata kathu kaja kali kuti? Kakhadiko kaoneka."

Gwirapo sanadzuke. Anatambasula mkono kuseri kwa msana wawo, mpaka dzanja linafika pamalo ake.

"Ndagwira, amayi," anatero. "Sindisuntha."